Funsani Malume: za magazini akale a tiasilikali ta patebulo

Mwezi uno makalata ambiri agwera mbali imodzi, anthu akufunsa za magazini akale a masewera athu aja a nkhondo ya tizidole, ena awapeza m'makatoni, ena apatsidwa, ena akungofuna kudziwa ngati ali ndi ntchito. Nde ndasankhapo angapo, enawo adikire.

Malume, mnzanga wina wandisiyira katoni ya White Dwarf zakale kwambiri. Koma ndikutsegula zoyambirirazo mulibe Warhammer olo pang'ono, mwangodzaza za Dungeons & Dragons ndi masewera ena osawadziwa. Kodi andipatsa zabodza kapena ndi magazini ina yofanana dzina? — Mphwanu wodabwa

Mphwanga, sanakunamize, ndi yomweyo. Chimene chakusokoneza nchakuti magaziniyo ndi yaikulu kuposa Warhammer, inabadwa kale masewerawo kulibe. Nambala yoyamba inatuluka pakati pa chaka cha 1977, pomwe Warhammer ya malupanga ndi mfiti ija inabwera 1983, ndipo Warhammer 40,000 ya nkhondo za m'mlengalenga inachita kufika 1987. Nde zaka zoyambirira zonsezo akanalemba za chani?

Games Workshop, kampani mwini magaziniyi ndi Warhammer, inayamba ku London mu 1975, anthu atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson, ndipo poyamba sinali kampani ya tizidole ayi, ankapanga matabwa a masewera a patebulo kenako nkuyamba kuitanitsa Dungeons & Dragons kuchokera ku America kumagulitsa ku Britain. Anali ndi kanyuzi kakang'ono dzina lake Owl and Weasel, kameneko ndi kamene kanasanduka White Dwarf, mkonzi wake Livingstone. Inkatuluka kamodzi pa miyezi iwiri mpaka 1982 pomwe inayamba kutuluka mwezi ndi mwezi. Masiku amenewo inkalemba za masewera a makampani ena momasuka, RuneQuest, Traveller, ndi ena otero, mpaka kumawapatsa malikisi, awa ndi abwino awa musataye ndalama. Munalinso tsamba lotchedwa Fiend Factory momwe owerenga okha ankatumiza zilombo zopeka m'mutu mwawo, ndipo zambiri mwa zilombozo zinakalowa m'buku la Fiend Folio la 1981. Taganiza, munthu wangolemba kalata ali kunyumba kwake, chilombo chake nkukhala cha dziko lonse.

Tizidole tinalowa kudzera ku Citadel Miniatures, kampani yomwe anaiyambitsa limodzi ndi Bryan Ansell chakumapeto kwa m'ma 1970, ndipo Ansell atatenga utsogoleri wa Games Workshop anasamutsa zinthu kupita ku Nottingham. Magaziniyo inasamuka mu 1986 ndipo ena mwa olemba a ku London sanafune kupita. Ngati m'katoni yakoyo muli nambala 77, tsegula tsamba la zam'katimu uwerenge chilembo choyamba cha mzere uliwonse kutsika mmunsi, upeza mawu amwano omuthamangitsa Ansell, anthu anatsanzika mokwiya koma mwanzeru. Kuchoka pamenepo masewera a makampani ena anayamba kuchepa pang'onopang'ono, pofika nambala 100 mu 1988 inali itatsala pang'ono kukhala ya katundu wa Games Workshop yekhayekha. Ena amadandaula mpaka lero kuti apa mpomwe magazini inafera nkusanduka katalogi, ena amati apa mpomwe inayamba kukoma. Ine ndimati onse akunena zoona, zimangotengera kuti unayamba kuiwerenga uli ndi zaka zingati.

A Malume, ine ndine wamkulu ndithu ndipo zimandiwawa kuti achinyamata akamva za masewera a tiasilikali amangoganiza za zilombo za m'mlengalenga. Ife tinkasewera nkhondo za Napoleon ndi za Aroma. Tawauzaniko kuti magazini a nkhondo za m'mbiri analipo kale. — Bambo wa imvi

Bambo, mwalankhula ndipo ndakumvani, ngakhale ana akewo musawakalipire kwambiri, ambiri amalowera khomo la zilombolo kenako nkudzapezeka akupenta asilikali a Napoleon ali ndi zaka 40.

Koma zoona, mbiri yake ndi yaitali. Ku California kunali Jack Scruby, munthu woumba tiasilikali ta chitsulo, yemwe mu 1957 anayamba War Game Digest, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kulumikiza anthu ochepa omwazikana omwe aliyense ankaganiza kuti ndi yekha padziko amene akusewerabe ndi tizidole atakula. Ku Southampton ku England kunali Donald Featherstone, yemwe anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la akasinja, pambuyo pake nkumagwira ntchito yowongola minofu ndi mafupa a anthu ovulala. Iyeyu anayamba Wargamer's Newsletter mu 1962 ndipo anaikoka mwezi ndi mwezi mpaka 1980, makope opitirira 200, zaka zambiri ili yongotayipa pa tayipi. Mnzake Tony Bath anayambitsa Society of Ancients mu 1965, ya okonda nkhondo za makedzana, ndipo magazini yawo Slingshot ikutulukabe.

Amene mumawaona a mapepala osalala ndi zithunzi zamitundu anabwera mochedwa. Miniature Wargames inayamba 1983, mkonzi wake Duncan Macfarlane, ndipo yemweyo atachokako anakayambitsa Wargames Illustrated mu 1987. Nde mukaika makope oyambirira a magazini awiriwa pambalipambali muona kuti dzanja ndi limodzi.

Chimene ine chimandikoka m'makope a nthawi ya Featherstone si nkhani zazikulu ayi, ndi makalata a owerenga. Anthu ankakangana miyezi ndi miyezi pa nkhani ngati yoti kodi asilikali a pa akavalo angaswe gulu la oyenda pansi litaima mwa bokosi, wina alemba mwezi uno, yankho libwera mwezi wamawa, wachitatu alowerera patapita miyezi iwiri atakafufuza m'mabuku, ndipo poti kalata imafuna sitampa ndi kudikira, munthu ankayamba waganiza asanalembe. Mkangano womwewo ulipobe lero pa intaneti koma umatha tsiku limodzi anthu atatukwanana.

Kachenjezo kwa achinyamata owerenga makope a ku Britain a chaka cha 1971 chisanafike: mitengo ya mmenemo ili m'ndalama zakale, mashereni 20 kupanga paundi imodzi, mapeni 12 kupanga shereni. Anasintha pa 15 February 1971. Nde ukaona 2/6 usamati ndi tsiku, ndi mashereni awiri ndi mapeni sikisi.

Malume, funso langa ndi lachindunji. Malamulo a m'magazini akalewa anatha ntchito, masewera anasintha kambirimbiri. Nde phindu lowerenga ndi chani, si kungotaya nthawi? — Mphwanu wokonda mipikisano

Ngati ukufuna malamulo oti ukapambanire mpikisano Loweruka likubwerali, eya, ukutaya nthawi, tseka katoniyo. Warhammer 40,000 yokha inafika pa mtundu wa 10 mu 2023, ndipo mapointi oyezera mphamvu ya gulu la asilikali a mu 1993 palibe angakulole kubwera nawo. Warhammer yakale ya malupanga anaithetsa mu 2015 nkubweretsa Age of Sigmar, kenako mu 2024 anaidzutsanso ndi dzina loti The Old World koma malamulo ndi ena. Mbali imeneyo ya magazini imafa msanga kuposa ina iliyonse, pamodzi ndi masamba a zatsopano za mwezi uno.

Koma mphwanga, malamulo ndi kagawo kochepa ka zomwe zili mmenemo. Choyamba pali nkhani za nkhondo zoti usewere, zija amakupatsa mapu, kuno kuli mtsinje uko kuli mlatho, gulu ili ndi lochepa koma likungofunika kugwira mlathowo mpaka kutada, gulu linalo ndi lalikulu koma likufika pang'onopang'ono. Zimenezo sizikalamba. Ungatenge nkhani yolembedwera asilikali a Napoleon mu 1975 nkuiseweretsa ndi ma Space Marine, asilikali a mu Warhammer 40,000, lero, chifukwa vuto logwira mlatho ndi anthu ochepa ndi lomwelo kaya wagwira mfuti yagogodera kaya ya moto wa buluu. Ndipo ndikuuze, masewera a magulu osafanana mphamvu amakoma kuposa aja oti aliyense mapointi 2000 nkumangothamangitsana pakati pa tebulo, kungoti anthu a mipikisano munazolowera.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ine ndimatsegulira makope akale, ndi nkhani zopanga zinthu ndi manja. Nthawi imeneyo zinthu zambiri kunalibe kogula. Ukafuna gulu la asilikali lomwe palibe kampani ikupanga, unkagula bokosi la tiasilikali ta pulasitiki ta Airfix, nkudula mitu ndi lezala, kuisinthanitsa, kuilumikiza ndi kaphini, chipewa kapena chikhoti nkuumba ndi pulasitisini kenako nkupaka mankhwala ena ankawatcha banana oil kuti iume. Airfix Magazine ndi Military Modelling munkadzaza zimenezi, mwezi ndi mwezi, ndi zojambula pamanja zosonyeza podula. Mapiri ankasanja mabuku pansi pa nsalu yobiriwira, nyumba za makatoni, mitengo ya waya wopota ndi siponji, mipanda ya timitengo ta machesi. Olo White Dwarf yomwe anthu amaitcha katalogi, mu 1987 inaonetsa galimoto yankhondo youluka yomwe Rick Priestley, mlembi wa Warhammer 40,000 weniweniyo, anapanga ndi kabotolo ka mafuta onunkhiritsa kukhwapa ndi supuni ya pulasitiki. Mwini masewera akukuuza kuti tola zinyalala upange thanki! Lero kampani iliyonse ikufuna ugule bokosi, ngakhale khoma logumuka amagulitsa lopangapanga, nde munthu woyamba kumene amaganiza kuti popanda ndalama zambiri sangayambe. Makope akale amachotsa bodza limenelo mosavuta.

Chachitatu ndi malipoti a nkhondo a m'ma 1990, momwe osewera awiri aliyense ankalemba pulani yake masewera asanayambe, kenako mapu a mivi kusonyeza gulu lililonse kumene lapita gawo ndi gawo, pamapeto aliyense nkufotokoza pomwe zinamuthawira, kawirikawiri woluza amanamizira madayisi. Manambala a mmenemo anatha ntchito koma kaganizidwe, kusunga gulu lina kumbuyo, kumenya cham'mbali, kusathamangira nyambo, ukaphunzira pamenepo mpikisano wako womwewo uzikawina.

Ndipo ngati malamulo akalewo akusangalatsa palibe wapolisi wa masewera. Pali anthu ambiri amene amasewera dala mitundu ya m'ma 1980 ndi tizidole ta nthawi yomweyo, amazitcha Oldhammer. Chofunika ndi mnzako mmodzi wovomera basi.

Malume, pa zithunzi za m'makope akale tizidole timaoneka tating'ono, nkhope zake zoseketsa, penti yowala ngati ya pa chikondwerero, ndipo pansi pake pali pobiriwira ngati kapinga olo msilikali ali m'chombo cha m'mlengalenga. Anthu akale sankatha kupenta? — Mwana wa mlongo wanu

Haa, usawanyoze, ena mwa iwo ankapenta ndi zida zoti iwe ungalire nazo. Za kukula kaye: kale muyezo wotchuka unali 25mm, ndipo ta pulasitiki ta Airfix tinali tochepera apo, cha m'ma 20mm. Oumba anayamba kukuza pang'onopang'ono kuti nkhope ndi malamba zizioneka bwino, mpaka 25 inasanduka 28 ndipo lero tambiri tapitirira 30 ngakhale pabokosi alembe zina. Nde ukaimika kakale pafupi ndi katsopano kamaoneka ngati kamwana. Mitu ndi manja zikuluzikulu zija ankachita dala, chitsulo chosungunula sichilowa bwino m'chikombole pamalo poonda kwambiri ndipo lupanga lopyapyala limathyoka, komanso chilichonse ankaumba ndi zala ndi kachitsulo, osati pa kompyuta ngati lero.

Penti nayo inali ina. M'ma 1960 ndi 1970 ambiri ankagwiritsa ntchito penti ya mafuta ya m'tizitini ta Humbrol, yochedwa kuuma, bulashi kutsukira mankhwala onunkha, ndipo ena ankamaliza ndi vanishi yonyezimira kuti tizioneka ngati zidole zenizeni. Penti ya madzi inafala m'ma 1980. Ija mumaikonda ana a lero yoti ukangopaka kamodzi mithunzi yabwera yokha, ya Contrast, ndi ya 2019 chabe.

Zofiira zowala ndi pansi pobiriwira ndi fashoni ya situdiyo ya Games Workshop kumayambiriro kwa m'ma 1990, penti yake inkatchedwa Goblin Green ndipo ankaipaka pa chilichonse. Ine ndimaona kuti mitundu yowala inkathandizanso kuti kachidole kaoneke bwino pa chithunzi chaching'ono chosindikizidwa. Koma bwerera m'mbuyo pang'ono, m'masamba a zopenta a mu White Dwarf otchedwa 'Eavy Metal a m'ma 1980 nthawi ya wojambula John Blanche, upeza zakuda, zadothi, zishango zojambulidwa nkhope pamanja, zina zoopsa ndithu. Mpikisano wopenta tizidole wa Golden Demon unayamba 1987, ukatsatira zithunzi za opambana chaka ndi chaka uona ndi maso ako mmene luso linakwerera.

Kamodzi kokha ndikuchenjeze poti ukuoneka kuti uyamba kusaka tizidole takaleto: tambiri ta chitsulo ta m'ma 1990 asanafike tili ndi mtovu. Makampani ambiri anasiya mtovu m'zaka za m'ma 1990. Ukamapala kapena kudula usambe m'manja, ndipo mwana wamng'ono asakaike mkamwa.

A Malume, bambo a kunyumba kuno ali ndi mulu wa magaziniwa ndipo akukana kutaya olo imodzi. Ayamba kununkha chinyezi, ena achita madontho a dzimbiri pakati. Ndisanawotche, pali njira yosungira? — Mayi wotopa

Mayi, machesiwo kabwezeni kaye, nkhani yake ndi yotheka. Dzimbiri mukuonalo likuchokera ku timawaya ta sitepulo ta pamsana, tikamwa chinyezi timachita dzimbiri nkudya pepala. Pa makope amene ayamba kale, awongole timawayato mosamala nkutichotsa, masamba angokhala opindidwa momwemo osabalalika. Amene agwira chuku awapatule msanga chifukwa chimayambukira, awayanike pamthunzi podutsa mphepo masamba atatsegula, osati padzuwa, dzuwa limafufutsa zikuto ndi kuumitsa pepala mpaka kumathetheka. Akauma apukute chukucho ndi bulashi yofewa ali panja.

Posunga, katoni isagunde pansi kapena khoma, ikhale pa shelefu m'chipinda chouma, osati kudenga kotentha. Agoneke mulu waufupi kapena aimike mothinana bwino kuti asapindike. Akafuna mapepala a pulasitiki ovekera, apewe a PVC, amamata inki pakapita zaka. Selotepi pa tsamba long'ambika ayi ndithu, imasanduka yachikasu nkusiya banga losachoka. Ndipo aziyang'anamo nthawi ndi nthawi, mphemvu ndi chiswe zimakonda katoni yosasunthidwa.

Koma nawonso bambowo achite chilungamo. Ngati ali ndi makope awiriawiri a nambala imodzi, kapena ena sanawatsegule chigulireni ndipo sakudziwa nkomwe muli chani, apatseko achinyamata oyamba kumene. Muwauze kuti ndanena ndine.

Malume, ndikagulitsa ndilemera? — Mphwanu wa bizinesi

Ayi. Amene amafunidwa kwambiri ndi oyambirira enieni, monga White Dwarf za m'ma 1970 ndi timakope totayipa ta Scruby ndi Featherstone, poti anasindikiza ochepa. A m'ma 1990 kupita kutsogolo anasindikizidwa ochuluka zedi ndipo anthu ambiri anasunga, nde mtengo wake ndi wamba. Chinanso, makope ambiri ankabwera ndi mphatso, kachidole pachikuto, makadi odula, mapu a pakati, ndipo ogula amafunsa zimenezo poyamba, pomwe eni ake ambiri anadula kalekale nkuseweretsa, zomwenso zinali zoyenera. Kope lodulidwa ndi lowerenga basi.

Malume, ndikuyesa kusanja White Dwarf zanga motsatana koma pofika 2014 manambala asokonekera, zina zoonda zina zonenepa. Ndiyambire pati, ndipo pa mulu wonsewu ndiwerenge ziti kaye? — Mphwanu wadongosolo

Sunasokoneze ndiwe. Mu February 2014 anaisintha kukhala ya sabata ndi sabata, yoonda, manambala nkuyambiranso pa 1, ndipo pambali pake anatulutsa ina ya mwezi yodzaza zithunzi yotchedwa Warhammer Visions. Mu September 2016 anabwerera ku ya pamwezi yonenepa, kwa kanthawi pachikuto pankangolembedwa mwezi ndi chaka, kenako anadzabwezeretsa manambala mpaka kufika 500 mu 2024. Nde sanja potsata chaka ndi mwezi, za manambala zisiye. Kumbukiranso kuti panali nthawi yomwe makope a ku Britain, a ku America ndi a ku Australia ankasiyana zam'kati ngakhalenso nambala, nde usadabwe mnzako akakuuza kuti nkhani yakuti ili mu nambala yakuti iwe nkusaipeza.

Za kowerenga kaye, usayambe pa 1 nkumapita motsatana ngati buku la sukulu, utopa usanafike pokoma. Tenga kope limodzi pa zaka zisanu zilizonse, uwaike pa tebulo, uwerenge mawu a mkonzi, makalata, ndi masamba otsatsa malonda a kumapeto. Otsatsawo anthu amawadumpha koma mpomwe pali mbiri yeniyeni, timakampani ta munthu mmodzi toumbira tizidole m'galaja, mndandanda wa tilembo ting'onoting'ono wopanda chithunzi olo chimodzi, ukafuna katalogi utumize envelopu yomata kale sitampa yolembedwa adiresi yako, ukaitanitsa udikire masabata osadziwa kuti kamsilikaliko nkhope yake ndi yotani. Ukaona chaka chimene chakukoka, bwerera ukawerenge chaka chonsecho, makamaka nkhani zija zimapitirira makope atatu kapena anayi. Ndipo ukhale ndi kakope pambali uzilemba kuti nkhani ya mlatho ili mwakuti, ya kupanga nyumba za makatoni ili mwakuti, chifukwa ambiri mwa magaziniwa alibe mlozera ndipo pakatha mwezi udzakhala ukuvundukula katoni yonse kufuna tsamba limodzi.

Amene munafunsa za kuchotsa penti yakale pa tizidole ta chitsulo, ndi uja wa madayisi amene akuti amamuda, mayankho anu mwezi wamawa.